Nkhono ya Lachisanu

Ndisanayambe kuyendayenda ndinali mphunzitsi, kapena ndinene kuti ndinkaima kutsogolo kwa ana choko chili m'manja. Kukoleji sindinapondeko. Anandilemba chifukwa ndinali ndi satifiketi, jekete limodzi labulauni, ndi Chingerezi chimene ndinkachikonda kuposa mmene icho chinkandikondera. Sukuluyo inali pakati pa minda ya fodya, ndipo ana ambiri anali a matenanti, anthu obwera ndi mvula yoyamba n'kumachoka fodya akalowa m'mabelo. Dzina la malowo ndinalisiya m'njira, pamodzi ndi jekete lija.

Pasukulupo panali lamulo limene ndinalipeza, koma ine ndinalithira mchere. Kuyambira belu lolowera mpaka lowerukira, mwana wa Sitandade 5 asamveke akuyankhula Chichewa. Womveka ankavala nkhono. Chinali chigoba chachikulu cha nkhono ya kudambo, chobowola n'kupisamo chingwe cha khonje, ndipo ine ndi manja angawa ndinachipaka mzere wofiira kuti chizionekera patali. Wovala nkhono ntchito yake inali kutchera khutu. Akamva mnzake watulutsa liwu la Chichewa, ankavula n'kumuveka iyeyo. Amene belu la Lachisanu lamupeza ali nayo m'khosi, ankazula chitsa kuseri kwa kalasi. Ine ndinkati zimenezi ndi nzeru. Ndinkati ana akudzilondera okha, ine kwanga n'kuphunzitsa basi.

Sindinkaona chimene ngakhale wogulitsa zitumbuwa pageti ankachiona. Mwana akavala nkhono, anzake ankamuthawa. Akafika pamene akusewera fulaye, onse ankatseka pakamwa n'kumangoponyerana mpira mwakachetechete mpaka iye atachoka. Ankadya chimanga chake chokazinga ali yekha, atatsamira khoma.

Chaka chimenecho pabenchi yakutsogolo panali kamtsikana kotchedwa Emelida, kamene kanabwera ndi matenanti atsopano. Kanali kochepa thupi, koma pakamwa ayi. Kankayankhula polowa, kankayankhula potuluka, ndipo pakasowa woyankhula naye kankauza pensulo yake nkhani. Lolemba lina kanauza mnzake m'Chichewa kuti pa diresi yake pali linthumbu, ndipo nkhono inagwera m'khosi mwa Emelida. Sabata yonse anzake anamusala. Ndinkamuona pabuleki akuyenda kuseri kwa magulu a ana, khutu lili tcheru, koma paliponse pamene wafika pankangoti zii.

Lachisanu la sabata imeneyo ndinkaphunzitsa kamawu kamene ndinkakanyadira kuposa onse, koti "the". Ndinalemba pabolodi "a goat", pansi pake "the goat". Ndinawauza, m'Chingerezi changa chija, kuti yoyambayo ndi mbuzi ina iliyonse, yongodutsa, yopanda amene akuidziwa. Yachiwiriyo ndi mbuzi ija, imene iwe ndi ine tikuidziwa tonse, imene inadya kabichi wa ahedi. Ana anaseka pang'ono, ine ndinadzimva kuti ndine munthu wophunzira. Kenaka ndinaloza Emelida kuti awerenge chiganizo cha pabolodi. Anawerenga, n'kudumpha kamawu kaja. Ndinati abwereze. Anadumphanso. Kachitatu anafika pomwepo, n'kuima, n'kudumpha ngati munthu wodumpha ngalande.

Dzuwa linali pamutu, m'mimba mwanga munalibe kanthu, ndipo mtima wanga ndi wapafupi chibadwire. Ndinamenya tebulo, mawu n'kutuluka okha m'chilankhulo cha amayi anga.

"Iwe Emelida, m'mutu mwakomo muli phala? Kamawu kakang'ono ngati aka kakukulemera chiyani?"

Kalasi yonse inati duu. Emelida anandiyang'ana, anayang'ana anzake, kenaka anavula nkhono m'khosi. Anaigwira ndi manja awiri n'kuyenda mapazi awiri kubwera kumene ndinaima. Ine ndinaona mwano. Ndinati mwanayu akukana nkhono belu lisanalire, pamaso pa anzake onse. Ndinaloza chitseko n'kumuuza, tsopano m'Chingerezi, kuti avalenso msangamsanga apite kuchitsa. Anavala. Belu litalira ndinamuona pawindo akulimbana ndi khasu lotalika kuposa iye, nkhono ikugunda pachifuwa pake.

Lolemba sanabwere, Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinapita kumalayini a matenanti, n'kupeza zitseko zitamangidwa ndi luzi. Mayi wina amene ankasesa pakhomo loyandikana anandiuza kuti lole inabwera Loweruka kudzatenga mabanja amene anamaliza nyengo yawo. Kenaka anaimika tsache n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwana uja munamutani kusukuluko, aphunzitsi? Chibwerereni Lachisanu sanatulutse mawu. Amake amufunsa, amugwedeza, iye duu. Chinthu chili m'khosicho akukana kuvula. Wakwera lole ali choncho."

Ndinafunsa kumene apita. Anati kwawo. Kwawo kuti? Iye ankaganiza kuti ndi kutsidya kwa mtsinje waukulu, koma ena ankati apita kuesiteti ina.

Ahedi, a Mkwezalamba, sanaone chovuta. Anati ana a matenanti amatero, lero ali pano mawa kulibe, ndipo nkhono kudambo n'zambiri, nditume ana akatole ina. Ndinavomera ndi mutu koma sindinatume munthu. Ndikaima pabolodi ndinkaona malo opanda munthu pabenchi yakutsogolo. Ndinkaopa chinthu chimodzi, ndipo ndinkachidziwa dzina: kuti ndinatseka pakamwa pa mwana wa eni mpaka kalekale. Teremu itatha ndinasiya choko patebulo n'kunyamuka, kuti ndikamupeze, ndikamuvule nkhonoyo ndi manja anga, ndimve ngati mawu adakalimo.

Ndinayenda m'midzi yofanana. Uliwonse unali ndi mtengo wa mango, chitsime, ndi galu wogona pakati pa njira. Nthawi zina ndinkafika pamudzi n'kuzindikira kuti ndinadutsapo kale, kungoti chitsime chasamukira mbali ina. Paliponse ndinkafunsa funso limodzi: kodi munaonako kamtsikana kosayankhula, kovala nkhono ya mzere wofiira m'khosi?

Malo oyamba amene ndinakhalitsa anali pachigayo cha mayi Nachisale, pamphambano ya njira zinayi. Ndinaganiza kuti amayi a midzi yonse amafika pachigayo, ndiye nkhani ya mwana wosayankhula singalephere kufikanso. Ntchitoyo inandiyenera. M'chigayo munthu sayankhula, amangoloza. Chala chimodzi mgaiwa, ziwiri ufa woyera. Mayi Nachisale anandiphunzitsa kumvera makina ndi khutu: lamba akayamba kulira mopyapyala ndiye kuti wamasuka, ufa ukatuluka wamisere ndiye kuti sefa yabowoka, ndipo usadikire kuti mwini chimanga akuuze. Injini ikazimitsidwa kuti izizire, ndinkatuluka ndili mbuu ndi ufa n'kufunsa funso langa pamzere wa amayi.

Tsiku lina mmodzi anati inde, alipo mwana wina wosayankhula kuseri kwa phiri. Ndinapita naye mtima uli m'mwamba. Tinapeza mtsikana wa msinkhu womwewo akusoka mphasa pakhonde, wosamva chibadwire, wansangala, m'khosi muli mikanda yobiriwira. Ndinati si ameneyu. Amake anapsa mtima, anafunsa kuti mwana wawo waperewera pati kuti munthu wachilendo achite kuyenda mtunda wonsewo kudzamukana. Ndinapepesa n'kubwerera. Pambuyo pake anandionetsa wina, kenaka winanso. Ndinadziwa kuti palibe dera lopanda mwana wachete, ndipo anthu ndi okoma mtima, ukafunsa amakupatsa amene ali naye. Pachigayo paja ndinasiyapo khutu lamanzere. Phokoso linalidya pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina ndinagonera kumanja n'kupeza kuti dziko lonse lazima.

Kuchoka apo ndinatsetsereka mpaka ndinafika pamtsinje waukulu uja. Padoko panali bwato limodzi ndi nkhalamba yowolotsa anthu, a Sandalamu, amene mapewa awo anali atatopa. Anandilandira osafunsa kwathu. Anandipatsa nsungwi yaitali yokankhira bwato n'kundiuza kuti ndisamayang'ane pamene ndikufuna kukocheza. Ndiziloza kumtunda kwake, madzi adzanditsitsira okha pamalopo. Masiku oyamba ndinkakakamira kuloza padoko penipeni, ndipo tinkakatulukira m'mabango kutali kumunsi, amayi akundinena kuti ndine mphunzitsi wa kuwolotsa ng'ona. Sankadziwa kuti pa uphunzitsipo alasa.

Aliyense wopita kutsidya ankakhala m'bwato langa mphindi zingapo, wopanda kothawira, ndipo ndinkamufunsa. Amalonda, odwala, opita kumaliro, akwati ndi mitolo yawo. Mvula inkabwera, mtsinje n'kufiira, n'kuphweranso, ine ndili pa funso lomwelo. Tsiku lina a Sandalamu, atakhala pamchenga akusoka chipewa chawo, anandifunsa kuti kodi mwana amene ndikumufunayo sakula. Anati chifikireni ine padokopo, ana amene ankawoloka ali kumsana tsopano akuwoloka okha atasenza nkhuni, koma wangayo adakali kamtsikana ka Sitandade 5. Ndinakwiya nawo tsiku lonse. Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinakwiya.

Ndili padoko pomwepo bambo wina wogulitsa mchere anandiuza kuti kumudzi wina, ulendo wa masiku atatu, kunali mtsikana wosayankhula amene makolo ake anabwera naye kuchokera kufodya. Koma anati ndachedwa, anamuika m'manda chaka chatha. Ndinasiya nsungwi m'bwato n'kuyamba ulendo. Masiku atatuwo sindikumbukira kuti ndinadya. Nditafika, malume ake a mtsikanayo anandikhazika pampando n'kundiuza zonse modekha. Dzina lake linali Sitelia. Kusukulu sanapiteko n'kamodzi komwe, ndipo mawu anamuthawa atadwala malungo aakulu ali wakhanda. Mtima wanga unagwa pansi ndi chimwemwe, pakhomo la anthu olira. Ndinachita manyazi mpaka ndinalephera kumwa madzi amene anandipatsa. Manyazi amenewo ndidakali nawo.

Nditabwerera ndinapeza anthu ovala zipewa zachikasu akukhoma zipilala za mlatho m'madzi. Mlatho utatha, bwato linakokeredwa pamtunda, nkhuku n'kuyamba kuikiramo. A Sandalamu anapita kwa mwana wawo wamkazi, ine ndinawoloka pamlatho ndi mapazi, osafunsa munthu chilichonse.

Ndinafika m'tauni ya msewu umodzi, yodzaza magolosale, matiyirumu ndi mashopu ometera. Kumeneko ndinagwira ntchito kwa Che Amidu, wolemba zikwangwani. Sankadziwa Chingerezi, koma zilembo zawo zinkaima mowongoka kuposa zanga za pabolodi. Anandiphunzitsa kujambula mizere iwiri ya pensulo ndisanakhudze penti, ndi kuyamba mawu pakati pa thabwa n'kumapita m'mbali, kuti chilembo chomaliza chisagwere kunja. Anandiphunzitsanso kutsuka burashi tsiku lomwelo, ngakhale utatopa bwanji.

M'tauni imeneyo kamawu kanga kaja kananditsatira. Mwini golosale aliyense ankafuna kuti dzina la shopu yake liyambe ndi "The". Wometa ankakafuna, wa tiyi ankakafuna, ngakhale wowotcherera matayala pansi pa mtengo. Msewu wonse unadzaza anthu amene aliyense ankati iye ndiye uja timamudziwa tonse. Ndinkakalemba mozengereza, pomaliza penipeni. Che Amidu anaona, n'kufunsa kuti zilembo zitatuzi zinandilakwira chiyani, popeza iwo ankangoziona ngati zodzazira ngodya ya thabwa. Ndinawauza za mbuzi ziwiri zija, ndipo pakamwa patatseguka ndinawauzanso za Emelida, za chigayo, za manda a Sitelia. Anamvetsera akusakaniza penti. Pomaliza anati ndiye kuti zaka zonsezi anthu akhala akundipatsa mwana wina, ine ndikufuna mwana uja. Anati zimenezo sizifuna Chingerezi, ngakhale nkhuku imadziwa.

Maso a Che Amidu atayamba kuchita nkhungu, anandipatsa maburashi awo atakulunga m'kansalu, ndi njinga yakale yopanda mabuleki akutsogolo. Ndinayambanso kuyenda, tsopano ndi zitini za penti pakaliyala. Ndinalemba zikwangwani za matchalitchi, za mijigo, za minda ya chitsanzo. Imvi zinabwera osandiuza. Funso langa linafupika, n'kukhala lakuti kodi kuno kuli mayi wosayankhula, ndipo kenaka linatheratu. Sikuti ndinaiwala. Ndinangotopa ndi kuonetsedwa anthu achete amene sindinawalakwire.

M'mawa wina, chaka chimene sindingachitchule, anthu a komiti ya pamudzi wina anandiitana kuti ndiwalembere chikwangwani cha masiku a sikelo ya ana. Anati ndikapeza thabwa pansi pa mkuyu, pamene amayi amasonkhana. Ndisanauone mkuyuwo, ndidakali kudambo ndikukankha njinga, ndinamva mawu a munthu wamkazi. Ndi khutu limodzi lomweli ndinawamva. Ankayambitsa nyimbo, n'kuidula pakati kuti akalipire wina wobwera mochedwa, n'kuseka, n'kuyambanso kufotokoza za phala lothira nsinjiro. Ndinati m'mtima, mwamuna wa mayi ameneyu ali ndi ntchito yaikulu.

Anali mlangizi wa zaumoyo, wovala yunifolomu yabuluu, wamfupi, wonenepa bwino. Sikelo inali italendewera panthambi, ndipo amayi anali pamzere makhadi ali m'manja. Sindinamuyang'ane kawiri. Ine ndinkafuna munthu wachete, ndipo uyu akanatha kugawira mudzi wonse mawu n'kutsala nawo ena. Ndinatsamiritsa thabwa patsinde, ndinajambula mizere yanga iwiri, n'kuyamba pakati.

Mwana wina ataikidwa m'kathumba ka sikelo analira mokuwa n'kumaponya miyendo, muvi wa sikelo n'kumavina. Mlangizi uja, osasiya kuyankhula, anatambasula dzanja n'kugwedeza kanthu kolendewera panthambi yomweyo. Kanalira tseketseke, mwana anatonthola n'kuyang'ana m'mwamba, muvi unaima. Nanenso ndinayang'ana m'mwamba. Chinali chigoba cha nkhono, chothiramo timiyala n'kutseka ndi kansanza. Chingwe chinali chatsopano, koma mzere wofiira unali womwewo, wofwifwa, wokhota pang'ono chakumapeto pamene dzanja langa linaterereka.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinadzidzimuka iye akundiuza kuti abambo a penti, penti akudonthera pansapato. Ndinafunsa kuti nkhonoyo anaitenga kuti. Anayamba kuyankha moseka kuti ndi nkhani yaitali, kenaka anaima. Kwa nthawi yoyamba m'mawa wonsewo pansi pa mkuyu panati zii. Anandiyang'ana pamphumi, m'manja, pamapewa pamene pankakhala jekete lija.

"Aphunzitsi?"

Ndinakhala pa chitini cha penti. Emelida anauza amayi kuti adikire pang'ono, ndipo palibe amene anadandaula, onse anasendera pafupi. Ndinamuuza kuti ndakhala ndikumufuna. Ndinati ndinamva kuti anasiya kuyankhula, ndipo ndinkaopa kuti anakalamba ali choncho chifukwa cha ine. Amayi a pamzere anaphulika kuseka. Mmodzi anati ngati alangiziwa ndi osayankhula, ndiye oyankhula asadzafike pamudzi pano.

Emelida sanaseke nawo. Anati zoti anakhala chete n'zoona, ndipo ndisaganize kuti inali nkhani yaing'ono. Kuyambira Lachisanu lija mpaka mvula yoyamba sanatulutse liwu. M'mutu mwake mwa mwana ankaganiza kuti akayankhula Chichewa nkhono ili m'khosi, ikhala yake mpaka imfa, ndipo Chingerezi choti n'kupemphera madzi analibe. Amake anapita naye kuchipatala, kumapemphero, kulikonse kumene anthu analoza, ndipo ankalira pobwerera. Tsiku lina ufa uli pamphasa padzuwa, amake ali kuseri, mbuzi ya oyandikana nawo inalowetsa mutu mu ufawo. Iye anangozindikira wakuwa kuti amayi, mbuzi ija yabweranso. Amake anataya ndowa n'kumukumbatira, mbuzi n'kudya mpaka kukhuta. Chiyambire tsiku limenelo, anatero Emelida, sanapumepo. Sukulu anakapitiriza kwina, kumene m'malo mwa nkhono kunali fupa la ng'ombe, ndipo analivala kawirikawiri osafa nalo.

Ndinamvetsera mutu uli pansi. Chinthu chimene chinandikhala pachifuwa kuyambira pamalayini a matenanti chinayamba kusungunuka, ndipo ndinapuma mpweya wonse mpaka m'mimba. Ndinapepesa. Ndinati ndinamulakwira, ndipo iye anati inde, munandilakwira, osachepetsa kapena kuwonjezera. Kenaka ndinafunsa chimene chinkandizunguza: bwanji sanaitaye nkhonoyo m'thengo, lole ili pa liwiro?

"Ndikanataya bwanji chinthu cha eni? Si yanga iyi, aphunzitsi. Lamulo linali lanu lomwe: amene wamveka akuyankhula Chichewa, avale. Sabata yonse anzanga ankatseka pakamwa ndikafika. Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamumva, Lachisanu, belu lisanalire, kalasi yonse ili mboni. Ndinavula, ndinabwera nayo ndi manja awiri mwaulemu. Inu munandiloza chitseko."

Ndinaona kalasi ija yonse nthawi imodzi, tebulo, bolodi, timapazi tiwiri tija. Zaka zonsezo ndinkakumbukira mawu anga aja ngati chipongwe chabe, osaganizako n'kamodzi komwe kuti ndinawanena m'chilankhulo chanji. Ana makumi asanu anadziwa, ine ndekha wophunzira ndi amene sindinadziwe.

Emelida anaimirira pa zala za kumapazi, anamasula chingwe panthambi, n'kubwera nayo ndi manja awiri. Ulendo uno sindinaloze chitseko, ndipo pansi pa mkuyu panalibenso chitseko. Ndinavula chipewa n'kuweramitsa mutu. Nkhonoyo inali yopepuka kwambiri, yofunda ndi dzuwa. Amayi anaombera m'manja akuseka, ena osadziwa n'komwe chimene akuombera, ndipo mmodzi anadandaula kuti nanga ana azitonthola ndi chiyani. Emelida anati adzapeza chibotolo, nkhani yachepa.

Ndinamukumbutsa kuti belu linalira kale, ndiye chitsa changa chili kuti. Anandiyang'ana ngati akufuna kundikaniza chifukwa cha imvi, koma anasintha maganizo. Analoza ndi mlomo m'mbali mwa njira yobwerera kumkuyu, pamene panali chitsa cha mthethe chimene amayi obereka ana ankapunthwapo mwezi uliwonse. Anati ndiyambe ndamaliza chikwangwani, chifukwa walemba theka sanalembe. Kenaka anatembenuka n'kuitana wotsatira pamzere, n'kuyambanso nkhani ya nsinjiro pamene anaisiyira.

Ndinamaliza chikwangwani, ndinatsuka burashi, ndinabwereka khasu ndi nkhwangwa pakhomo lapafupi. Chitsacho chinali ndi mizu yopita kutali, ndipo chinandidyera masana onse. Ndikawerama nkhono inkagunda pachifuwa panga, timiyala tikulira. Kumbuyo kwanga mawu a Emelida sanaleke, ankakwera, ankatsika, ankaseka, ndipo ine ndinatembenuzira khutu langa labwino kumeneko kuti lisanditayike liwu ngakhale limodzi. Amayi atayamba kubalalika ankadutsa pafupi nane, aliyense n'kundipatsa moni, ena n'kundiseka, ana kumsana akubwebweta zawo. Onsewo ankayankhula Chichewa, ndipo ndinawamva bwinobwino. Nkhono sindinaveke munthu.